Usiku Umene Tinaika Mbale Zonse Pakati

Kwa zaka zingapo, nthawi iliyonse imene ndinkalowa mu lesitilanti ya Amwenye ndinkaitanitsa chinthu chimodzi chokha, nkhuku yophikidwa mu msuzi wa tomato ndi batala imene pa menyu amailemba kuti butter chicken, pamodzi ndi mbale ya mpunga woyera. Chakudyacho chinkandikomera, ndipo sindinkaona chifukwa chochisiyira n'kuyamba kulimbana ndi mayina ena amene ngakhale katchulidwe kake sindinkakadziwa. Anzanga nawonso ankachita chimodzimodzi: aliyense ankasankha chake, woperekera zakudya ankachiika patsogolo pake, ndipo tinkadya titazungulira tebulo limodzi koma aliyense maso ali pa mbale yake. Sindinkadziwa kuti kadyedwe kameneka kankatimana gawo lalikulu la chimene ophika chakudyachi amafuna kuti munthu amve, mpaka usiku wina pamene tinakumana anthu asanu, ndipo bambo wina wachikulire amene ankatitumikira anatifunsa funso limene palibe anali atatifunsapo.

Panali patapita miyezi yambiri tisanaonane tonse pamodzi, chifukwa ntchito ndi mabanja zimadya masiku, ndipo anthu amene kale ankaonana mlungu uliwonse amayamba kungopatsana moni pa foni. Mmodzi wa ife ndi munthu wokonda tsabola kwambiri, amene kwa iye chakudya chimene sichinamutulutse thukuta ndiye kuti sichinapse. Wina ndi mayi wogwira ntchito ya unamwino, wina ndi Msilamu, ndipo wotsiriza ndi mnzathu wofatsa, wosalankhulalankhula, amene aka kanali koyamba kulowa m'malo otere. Titakhala pansi n'kutsegula mamenyu, aliyense anayamba kufufuza chake monga mwa chizolowezi. Bambo aja anaima pambali kwa kanthawi, kenako mwaulemu anati, "Pepani, musanasankhe ndiuzeni kaye. Kodi pakati panu alipo amene ali ndi chimene sadya?"

Mnzathu wachisilamu ndiye anayamba, kufunsa ngati nyama yawo ili halal, ndipo anamuyankha kuti nkhuku ndi nkhosa zonse ndi za halal ndiponso kuti nkhumba silowa n'komwe m'khitchini mwawo. Namwino uja ananena kuti papita zaka ziwiri chisiyireni kudya nyama, chinthu chimene ine ndinali ndisanachimvepo ngakhale kuti timalankhulana kawirikawiri. Kenako mnzathu wofatsa uja, maso ali pa tebulo, anati, "Ine tsabola ndinamusiya. Adokotala anandipeza ndi zilonda za m'mimba miyezi inayi yapitayo, ndipo mpaka pano ndikusamala zimene ndikudya." Tonse tinangoti kukamwa yasa. Munthuyu anali atadwala, atapita kuchipatala kangapo, atachepa thupi moti titamuyang'anitsitsa tinaona, ndipo palibe aliyense wa ife amene ankadziwa. Tikanati aliyense aitanitse chake, akanangosankha mpunga ndi kanthu kena kopanda ululu mwakachetechete, ndipo tikanabalalika usiku umenewo tisakudziwabe.

Bambo aja atamva zonsezi anatilangiza kuti tisaitanitse mbale zisanu za anthu asanu, koma titenge zakudya zisanu ndi ziwiri zosiyanasiyana, tiziike pakati, aliyense azitapa chimene angathe. Anati pa tebulo labwino payenera kukhala china chouma chochokera pa moto, china cha msuzi wofatsa, china chowawa ndi chowawasa, nyemba, masamba, kenako buledi ndi mpunga zodyera zonsezo. "Kwathu," anatero, "chakudya chimodzi chimakometsa chinzake. Mukadya chimodzi chokha, pofika pakati pa mbale lilime limakhala latopa." Tinawalola kuti atitsogolere, ngakhale kuti mnzathu wokonda tsabola uja anaumirira kuti chowawacho chikhale chowawa zenizeni.

Tikudikira, ndinaganizira za liwu lakuti curry limene tonse timaligwiritsa ntchito ngati kuti ndi dzina la chakudya chimodzi. Akatswiri ambiri a zinenero amati linachokera ku liwu la Chitamil lakuti kari, limene limanena za ndiwo kapena msuzi wodyera mpunga, ndipo Apwitikizi ndi Angelezi amene anafika ku gombe la kumwera kwa India analitenga n'kuyamba kutchulira chilichonse chokhala ndi msuzi ndi zokometsera. Pofika mu 1747, buku lina la maphikidwe la Hannah Glasse ku England linali kale ndi njira yophikira curry. Koma mayi wa ku Punjab, wa ku Kerala kapena wa ku Bengal akamaphikira banja lake amatchula chakudya chilichonse ndi dzina lake, ndipo binzali wa m'chitini, wosakaniziratu, anafala makamaka chifukwa cha malonda a Angelezi amene ankafuna kukoma kwa ku India mosavutikira. M'nyumba zambiri za kumeneko zokometsera amazikazinga ndi kuzipera molingana ndi chimene akuphika tsikulo. Ndipo chakudya cha tsiku ndi tsiku chimabwera ngati thali, mbale yaikulu yachitsulo yokhala ndi timbale ting'onoting'ono tambiri, kamodzi ka nyemba, kena ka masamba, kena ka yogati, kena ka zowawasa. Chimene bambo aja anatichitira chinali kusandutsa tebulo lathu lonse kukhala thali imodzi ya anthu asanu.

Choyamba kufika chinali papadam, tizitumbuwa topyapyala ngati pepala, topangidwa ndi ufa wa mtundu wina wa mphodza, timene timathetheka mkamwa munthu akatiluma. Tinabwera ndi timbale titatu: kena ka mango wotsekemera, kena kobiriwira ka minti ndi yogati, ndi kena ka mandimu oviikidwa mu mchere, mafuta ndi tsabola. Ka mandimuko kanali kaukali kwambiri moti kachidutswa kochepa kanakwanira. Izi sizinatenge nthawi, koma zinali zokwanira kuti manja athu ayambe kukumana pakati pa tebulo, wina akupempha kuti amusendezere kambale, wina akuchenjeza mnzathu wodwala uja kuti ka mandimuko akasiye.

Kuchokera pamene ndinakhala ndinkatha kuona mbali ina ya khitchini kudzera pa galasi, ndipo maso anga anakhazikika pa tandoor. Uwu ndi uvuni wadongo wooneka ngati mtsuko waukulu wofika m'chiuno mwa munthu, moto wa makala uli pansi, ndipo kutentha kwake kumatha kufika madigiri 480. Wophikayo ankatenga mpira wa ufa wokanda, kuutambasula pakati pa zikhatho zake, kuuika pa kansalu kokhuthala kozungulira, n'kulowetsa dzanja mu uvuni wotenthawo ndi kumata ufawo pa khoma la m'kati. Pasanathe mphindi ziwiri buledi uja, amene amamutcha naan, ankakhala atafufuma, atachita mawanga akuda apa ndi apo, ndipo ankamukokera kunja ndi zitsulo ziwiri zazitali. Ndinamuona akuchita zimenezi kambirimbiri osaphonya ngakhale kamodzi, ndipo ndinayamba kumulemekeza munthu amene dzina lake sindidzalidziwa, amene usiku uliwonse amalowetsa dzanja lake m'moto kuti anthu osawadziwa adye buledi wotentha. Nyama ya mu tandoor amayamba aiviika kwa maola ambiri mu yogati, adyo, jinja ndi zokometsera, ndipo kuwawasa kwa yogatiyo kumaifewetsa, kenako moto waukali uja umaiwamba kunja mofulumira madzi ake asanathawe. Kufiira kwake kumachokera ku tsabola wa ku Kashmir, amene ali ndi mtundu wambiri koma ululu wochepa, ngakhale kuti malesitilanti ena amangothira utoto wa zakudya, ndipo nkhuku yoteroyo imadziwika ndi kufiira kowala kumene kumatsalira pa zala.

Zakudya zitafika, tebulo linadzaza mpaka makapu tinawasunthira m'mphepete. Panali nkhuku ya mu tandoor ikutuluka utsi pa chitsulo chotentha, korma wa nkhuku, vindaloo wa nkhosa, palak paneer, mabiringano ophikidwa ndi tomato ndi anyezi, dal, ndiponso butter chicken amene ndinapempha kuti asasowe. Naan anabwera mu dengu, ndipo ngakhale kuti mipeni ndi mafoloko zinalipo, bambo aja anatiuza kuti buledi ameneyu amakoma munthu akamunyema ndi dzanja lamanja, n'kumupinda pang'ono, n'kutapira msuzi. Tinatero tonse.

Pa zonse zimene zinali pa tebulopo, chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi dal, chifukwa ndicho chinali chotsika mtengo ndi chosaoneka bwino kuposa zonse, komabe ndicho chimene ndachiganizira kwambiri chichokereni usiku umenewo. Dal ndi nyemba zoswa pakati, zochotsedwa makoko, ndipo amene tinadya ife anali wa nandolo, wophikidwa ndi chikasu ndi mchere mpaka atafewa n'kukhala ngati phala lachikasu. Akanathera pamenepo akanakhala chakudya chabwino koma chopanda nkhani. Chinsinsi chake chili pa chimene amachita pomaliza, chimene amachitcha tadka. Wophika amatenthetsa ghee, amene ndi batala woyengedwa mpaka madzi ndi zotsalira za mkaka zitachoka, ndipo mafutawo akatentha amaponyamo njere za cumin, adyo woduladula ndi zokometsera zina. Njerezo zimathetheka kwa masekondi ochepa, fungo lake limalowa m'mafuta, ndipo nthawi yomweyo amakhuthulira zonsezo pamwamba pa nyemba zija. Zambiri zimene zimanunkhira mu zokometsera zimasungunuka m'mafuta kuposa m'madzi, n'chifukwa chake cumin wongothiridwa mu mphika wowira samveka ngati cumin amene wadutsa m'mafuta otentha. Koma mpata wake ndi wochepa kwambiri: akafulumira, zokometserazo zimakhala zosapsa, ndipo akachedwa pang'ono adyo amapserera n'kuwawitsa mphika wonse.

Pa chifukwa chimenechi ndafika pokhulupirira kuti munthu wofuna kudziwa ngati khitchini ya Amwenye ili ndi wophika weniweni ayenera kulawa dal. Nyama imatha kubisa zolakwa zambiri, kirimu ndi batala zimabisa zochuluka kuposa pamenepo, koma mu dal mulibe pobisala. Amene tinapatsidwa ife anamuphika popanda tsabola chifukwa cha mnzathu uja, ndipo ngakhale wokonda tsabola uja anavomereza kuti palibe chimene chinasowa. Fungo la adyo wokazinga linkabwera poyamba, kenako cumin, kenako kukoma kofatsa kwa nandolo, ndipo pomaliza kawawasa kakang'ono ka mandimu amene anafinyira pamwamba.

Kuika mbale zonse pakati kuli ndi phindu lina limene sindinaliganizirepo. Malesitilanti ambiri a curry, makamaka otsatira kachitidwe kamene kanakula ku Britain, amaphikiratu mphika waukulu wa msuzi wa anyezi, tomato ndi zokometsera zofatsa, ndipo kasitomala akaitanitsa chakudya amatunga msuzi womwewo, n'kuwonjezera kirimu apa, tsabola apo, kuti pakhale mayina osiyana. Njirayi ili ndi chifukwa chake, pakuti palibe khitchini imene ingaphike zakudya makumi asanu kuyambira pa chiyambi m'mphindi khumi ndi zisanu, ndipo wophika waluso amatha kutulutsa zabwino kuchokera mu mphika umenewo. Koma pamene luso lachepa, zonse zimakoma mofanana, ndipo munthu wodya mbale imodzi yekha sangazindikire. Ife tinali ndi misuzi isanu moyandikana, ndipo tinkatha kusunsa chidutswa chimodzi cha naan umu, china umo. Uliwonse unali ndi khalidwe lake. Wa mabiringano unkamveka utsi, chifukwa anayamba awawotcha pa moto asanawasende, wa korma unali wosalala ndi wonunkhira cardamom, ndipo wa vindaloo unkaluma ndi viniga usanayambe n'komwe kuwawa.

Vindaloo ameneyu ali ndi mbiri imene imandidabwitsa nthawi zonse. Tsabola wowawa amene ambiri timamuona ngati mwini wake wa chakudya cha Amwenye si wa ku India. Kwawo ndi ku America, ndipo anafika ku India ndi zombo za Apwitikizi, pambuyo pakuti Vasco da Gama wafika ku Calicut mu 1498 ndiponso Apwitikiziwo alanda Goa mu 1510. Tomato ndi mbatatesi nazonso zinachokera ku America komweko. Izi zisanachitike, ululu wa zakudya za ku India unkachokera ku tsabola wakuda wa njere, amene amamera ku gombe la Malabar ndipo ndiye ankakokera amalonda a ku Ulaya kumeneko, komanso ku jinja ndi mpiru. Dzina lakuti vindaloo linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti vinha d'alhos, onena za nyama yoviikidwa mu vinyo ndi adyo. Akhristu a ku Goa, dera limene linakhala m'manja mwa Apwitikizi mpaka mu 1961, anasintha vinyo uja kukhala viniga, anawonjezera tsabola ndi zokometsera zawo, ndipo mwamwambo amaphika ndi nkhumba. Chifukwa chakuti aloo m'Chihindi ndi mbatatesi, ophika ena kunja kwa Goa anayamba kuikamo mbatatesi poganiza kuti dzinalo likunena zimenezo. Lero India ndiye dziko lolima tsabola wouma wochuluka kuposa ena onse, ndipo mbewu imene inabwera ngati mlendo zaka 500 zapitazo yakhazikika moti n'kovuta kuganiza za khitchini ya kumeneko popanda iyo.

Mnzathu wokonda tsabola uja anapakula vindaloo wambiri, ndipo pa masupuni oyambirira ankangogwedeza mutu mokhutira. Posakhalitsa thukuta linayamba kutsika m'masaya, maso anafiira, ndipo anatambasula dzanja kufuna madzi ozizira. Namwino uja anamugwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, madzi sakuthandizani, imwani ichi," akumusendezera kapu ya lassi, chakumwa cha yogati chimene kwawo ndi ku Punjab. Anatifotokozera kuti chimene chimawawa mu tsabola ndi capsaicin, imene imagwira timinyewa ta mkamwa tomwe ntchito yake ndi kumva kutentha, choncho ubongo umaganiza kuti mkamwa mukupsa ngakhale kuti palibe chikupsa. Capsaicin sasungunuka m'madzi, ndipo madzi amangomumwaza mkamwa monse, koma mafuta ndi mapuloteni a mu mkaka amamugwira n'kumuchotsa. N'chifukwa chake pambali pa zakudya zowawa Amwenye amaikapo raita, yogati wosakaniza ndi nkhaka. Mnzathuyo anamwa, anapuma, ndipo kenako anayamba kudya vindaloo uja pang'onopang'ono, akusakaniza ndi mpunga ndi dal. Patapita kanthawi ananena yekha kuti tsopano akumva viniga, adyo ndi sinamoni, zimene poyamba sanazimve n'komwe.

Ndimakonda tsabola, koma mpikisano wofuna kuona amene angapirire chowawa kwambiri, umene umachitika kawirikawiri anthu akapita kukadya curry pagulu, umandimvetsa chisoni chifukwa cha wophika. Munthu wakazinga anyezi pa moto wochepa kwa nthawi yaitali mpaka atafiira bwino, wapera zokometsera zake, wayeza kuti cloves asapose sinamoni, ndipo kasitomala akumuuza kuti athire tsabola mpaka zonsezo zisamveke. Ngakhale garam masala, msanganizo umene dzina lake limatanthauza zokometsera zotentha, nthawi zambiri sukhala ndi tsabola wofiira. Umakhala ndi sinamoni, cardamom, cloves, tsabola wakuda ndi cumin, ndipo kutentha kumene akunena ndi kofunditsa thupi.

Korma ndiye anakhala chakudya cha mnzathu wodwala uja. Chakudyachi chimagwirizanitsidwa ndi makhitchini a mafumu a Mughal, amene ufumu wawo unayamba ndi Babur mu 1526 ndipo unabweretsa ku India maphikidwe a ku Persia ndi ku Central Asia, ogwiritsa ntchito yogati, mtedza wa amondi kapena kashu wopera, ndi zonunkhira zofatsa. Anayamba ndi supuni imodzi mwamantha, anadikira, kenako anawonjezera. Namwino uja anamulimbikitsa kuti tsabola sindiye amayambitsa zilonda za m'mimba, pakuti kawirikawiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kapena ndi kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen, koma kuti anthu ena amene ali nazo kale amamva kupweteka kwambiri akadya zowawa, choncho akuchita bwino kumvera thupi lake. Apa m'pamene mnzathuyo anamasuka n'kutiuza zonse: usiku umene ankalephera kugona ndi ululu, mantha amene anali nawo asanayezedwe, ndiponso chifukwa chimene sanatiuzire, choti sankafuna kutisenzetsa nkhawa. Wokonda tsabola uja anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Achimwene, zoterezi musamazisenze nokha. Ife tilipo chifukwa chiyani?" Ndinaona kuti kuyambira pamenepo mbale ya korma inkasendera yokha kumbali ya wodwalayo, aliyense akutapako pang'ono kuti iye apeze zokwanira.

Namwino uja sanavutike n'komwe kupeza chodya, ndipo ananena kuti malesitilanti a Amwenye ndiwo malo amene munthu wosadya nyama samaoneka ngati wovutitsa. Ku India anthu mamiliyoni ambiri sadya nyama chifukwa cha chipembedzo kapena mwambo wa banja, Ahindu ambiri sadya ng'ombe, ndipo a chipembedzo cha Jain amapewa ngakhale anyezi, adyo ndi mbatatesi, chifukwa kuzula zomera pansi kumapha chomeracho ndi tizilombo ta m'nthaka. Kumene anthu akhala akuphika popanda nyama kwa mibadwo yambiri, masamba ndi nyemba zimapatsidwa luso lonse. Palak paneer amene tinadya anali sipinachi wopera wokhala ndi zidutswa za tchizi choyera chimene amachipanga pothira madzi a mandimu mu mkaka wowira, n'kufinya zoundanazo mu nsalu. Tchizi chimenechi sichisungunuka pa moto, ndipo chimayamwa msuzi.

Nditafika pa butter chicken wanga wakale uja ndinamumva mwatsopano. Pambuyo pa viniga wa vindaloo, kutsekemera kwake kunamveka bwino, ndipo ndinazindikira kafungo ka utsi mu nyamayo, umboni wakuti inayamba yadutsa mu tandoor isanalowe mu msuzi. Chakudya chimenechi si chakale monga mmene ambiri amaganizira. Mu 1947, India atagawidwa n'kubadwa dziko la Pakistan, anthu mamiliyoni ambiri anathawa kwawo, ndipo ena mwa iwo anali ophika ochokera ku Peshawar, mzinda umene unagwera mbali ya Pakistan, kuphatikizapo Kundan Lal Gujral ndi Kundan Lal Jaggi, amene anakhazikitsa lesitilanti ya Moti Mahal ku Delhi. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti nkhuku ya mu tandoor ikatsala inkauma, ndipo kuti isatayidwe anayamba kuiphika mu msuzi wa tomato, batala ndi kirimu. Mabanja a anthu awiriwa anafika potengerana ku khoti ku Delhi mu 2024 pa nkhani ya amene anayambitsa chakudyachi. Kwa ine chachikulu n'chakuti chinabadwa m'manja mwa othawa kwawo amene anataya nyumba ndi minda, n'kutsala ndi luso lawo lokha.

Mbiri ya malesitilanti a curry kunja kwa India nayonso ndi ya anthu apaulendo. Yoyamba ku London, Hindoostane Coffee House, inatsegulidwa mu 1810 ndi Sake Dean Mahomed wobadwira ku Patna, ndipo patangopita zaka ziwiri mwini wakeyo anagwa mu ngongole. Veeraswamy inatsegulidwa mu mzinda womwewo mu 1926. Koma amene anafalitsadi curry m'matauni onse a Britain anali anthu ochokera ku Sylhet, dera limene lero lili ku Bangladesh, ambiri mwa oyambirirawo atagwirapo ntchito m'sitima zapamadzi za Angelezi. Pofika mu 2001, Robin Cook, amene anali nduna yoona za maiko akunja, ananena pagulu kuti chicken tikka masala, nkhuku yowamba yoikidwa mu msuzi wa zokometsera, chasanduka chakudya chenicheni cha dziko la Britain. Nditayang'ana bambo amene ankatitumikira aja, tsitsi lawo litachita imvi, akuyenda pakati pa matebulo ndi mbale zinayi pa mkono umodzi, ndinadzifunsa kuti iwowo anayenda ulendo wotani kuti adzafike poima pambali pa tebulo lathu.

Biryani, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama, tinamuitanitsa mochedwa, ndipo anachedwadi kubwera, moti mnzathu wachisilamu, amene ndiye anamupempha, anayamba kuyang'ana ku khitchini. Bambo aja anabwera kudzapepesa n'kufotokoza kuti mphikawo anaumata ndi ufa wokanda ndipo sangautsegule nthawi isanakwane. Mnzathuyo anamwetulira n'kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kaphikidwe kameneka, kamene amakatcha dum ndipo ndi kotchuka ku Hyderabad ndi ku Lucknow, n'kosanjikiza nyama ndi mpunga wa basmati wosapsetsa mu mphika umodzi, kutseka m'mphepete mwa chivundikiro ndi ufa kuti nthunzi isathawe, n'kuusiya pa moto wochepa. Atabwera nawo anadula ufa uja ife tikuona, ndipo nthunzi imene inatuluka inali ndi fungo la safironi, minti ndi anyezi wokazinga. Mpungawo unali wautali, njere iliyonse payokha, ina yoyera, ina yachikasu. Tinali titakhuta kale, komabe, kupatula namwino uja wosadya nyama, palibe amene anakana supuni.

Ndikakumbukira macheza a usiku umenewo, ndimaona kuti anayenda mosiyana ndi masiku ena onse. Munthu sungathe kukhala chete nthawi yaitali pamene uyenera kupempha kuti akupatsire naan, kufunsa mnzako ngati walawa mabiringano, kapena kusiya chidutswa chomaliza cha nkhuku chifukwa waona kuti wina sanadyeko. Palibe amene anatulutsa foni, mwina chifukwa zala zathu zinali ndi msuzi. Tinakamba za matenda, za makolo athu amene akukalamba, za chifukwa chimene namwino uja anasiyira nyama, ndipo mnzathu wachisilamu anatifotokozera mmene amavutikira akaitanidwa kumalo kumene sangafunse za chakudya popanda kuoneka ngati wonyada. Zonsezi ndi zinthu zimene anthu odziwana kwa zaka zoposa khumi tinkayenera kuzidziwa kale.

Pa zotsekemera tinangotenga mbale imodzi ya gulab jamun, timipira ta mkaka tokazinga toviikidwa m'madzi a shuga onunkhira maluwa, ndipo tinagawana ndi masupuni asanu, chifukwa kutsekemera kwake n'kwakukulu. Bilu itabwera tinaigawa mofanana, popeza panalibe amene akanatha kunena kuti mbale iyi inali yake. Tinawonjezera kangachepe ka bambo aja ndipo tinawapempha kuti akatithokozere kwa wophika wa pa tandoor uja.

Dal anatsalako pafupifupi theka la mbale, pamodzi ndi korma pang'ono ndi naan mmodzi. Bambo aja anazilongedza m'timabokosi, ndipo popanda kufunsa aliyense anakaika phukusilo patsogolo pa mnzathu wodwala uja, n'kumuuza kuti dal amakoma kwambiri tsiku lachiwiri, angomuthira madzi pang'ono potenthetsa. Pakhomo panali kambale ka njere za fennel, zina zokutidwa ndi shuga wa mitundumitundu, zimene amatafuna akatha kudya kuti mkamwa mununkhire. Aliyense anatapako pa chikhatho. Tili panja, tisanabalalike, mnzathu uja anatiuza tsiku limene adzapitenso kukaonana ndi adokotala, ndipo wokonda tsabola uja analilemba mu foni yake n'kunena kuti adzamutenga pa galimoto.